Galimoto Yasiya Kubwera ndi Fumbi

A Latif amanyamula usipa wouma pa kalole kawo kuchoka ku Nkopola kupita ku Namwera. Kwa nthawi yaitali galimotoyo inkabwera madzulo ili psuu ndi fumbi, eni ake atatheratu. Kenako inayamba kubwera yoyera, dzuwa likadali m'mwamba.

Akazi awo, a Esime, zimenezi sizinawasangalatse. Ankaganiza kuti bambowo ku Namwera sakufikako, usipa akungougulitsa pafupi n'kukaswera kwa mkazi wina m'tauni.

Tsiku lina m'mawa a Esime anangokwera kutsogolo kwa galimotoyo. "Lero tipitira limodzi," anatero.

Galimoto inatsata msewu wa phula. Pa rodibuloko wapolisi anayang'ana pepala lomata pagalasi, n'kuwauza kuti azipita.

"Nanga fumbi lija mumalitenga kuti?" anafunsa a Esime.

"Msonkho wa galimoto unali utatha. Ndinkazemba apolisi, n'kumadzera njira za m'midzi. Ndakalipira posachedwapa."

"Nthawi yonse ija, ine osandiuza?"

A Latif anangoseka. A Esime sanaseke nawo. Anawayang'ana cham'mbali mpaka pamwamba pa chitunda chopita ku Namwera, akudzifunsa kuti munthu wodziwa kubisa chonchi wabisanso chiyani.