Chigamba cha simenti pamwamba pa bedi

Chaka chimene tinavotera koyamba zipani zambiri, ine banja linali litatha. Ndinachoka ku Dwangwa ndi mwana wa miyezi isanu kumsana, chikwama chimodzi kumanja, kubwerera kwa bambo anga ku Nkhotakota. M'misewu anthu ankaimika zala ziwiri n'kumati tamasuka. Ine ndinalibe kwina kolowera.

Nyumba ya bambo inali yakalekale, yomwe anasiya mmwenye wina wa sitolo. Siling'i yake sinali ya mabolodi ngati za lerozi. Inali ya bango loyala pa mitanda, n'kumatapo laimu wosakaniza ndi mchenga wa kunyanja. Zipinda zogona zinali ziwiri zokha: china cha bambo, poti mayi anali atatisiya, china changa. Pabalaza panali matumba a mpunga ndi makoswe ake.

M'chipinda changamo, pamwamba penipeni pa bedi, panali chigamba cha simenti chachikulu ngati lichero, chitafufuma, ming'alu itachizungulira. Kachipindako kanali kopanikiza moti bedi silikanasunthika. M'mawa uliwonse ndinkasansa timiyala pa bulangete la mwana.

"Adada, siling'i ija itigwera," ndinawauza.

"Yakhala choncho zaka zambiri, sinagwe."

"Ndiitane mmisiri?"

"Pamene paja asakhudzepo munthu."

Bambo anali mphunzitsi wopuma, wochokera kumpoto, ndipo akati ayi sankabwereza. Amati mawu a akulu amakoma akagonera, koma ine ndinkaopa kuti awa agonera pamutu pa mwana wanga.

Tsiku lina atapita kumunda wa mpunga ku Malengachanzi, ndinakaitana fundi wina, mmisiri wachikulire wa kufupi ndi mzikiti, amene ankadziwa nyumba zakale. Anayenda chipinda chonse akugogoda siling'i ndi ndodo, khutu atatchera. Kwina kunkalira bwino. Atafika pa chigamba chija, ndodo inalira ngati pa ng'oma yong'ambika.

"Mayi, laimu ndi bango n'zapachibale," anatero. "Uyu simenti ndi mlendo, ndipo ndi wolemera. Akukoka bango lonse pansi. Apa tigwetse, tiyale bango latsopano, timate laimu katatu, aziuma pang'onopang'ono." Anakwera pa makwerero n'kuyang'anitsitsa. "Amene anamata apa sanali mmisiri. Taonani zala izi. Anamata ndi manja, ndipo ankathamanga."

Anaboola m'mbali, n'kusuzumira. Kenako anapisa mkono n'kutulutsa kapu yachitsulo yadzimbiri.

"Wallahi, muno munkagona munthu. Muli mphasa."

Pamenepo ndinamva njinga ya bambo ikutsamira khoma. Anali atabwerera msanga. Anaima pakhomo la chipinda, naona bowo, naona kapu. Ndinkayembekeza mkalipo, koma iwo anayamba ayang'ana kuwindo, n'kufunsa monong'ona:

"Wakutumani ndani?"

"Ndi mwana wanuyu, aphunzitsi. Zija zinatha, musaope."

"Ndinu mukuti zinatha."

Fundi anatsika, natola ndodo yake, natsazika mwaulemu.

Titatsala awiri, bambo anakhala pa bedi, kapu ili m'manja. Ndinali ndisanawamvepo akutchula mng'ono wawo, bambo anga aang'ono, chichokereni. Ine ndili kusukulu yogonera konko, anangondiuza kuti anaolokera tsidya la nyanja kukafuna ntchito. Tsopano anandiuza zoona. Mng'ono wawoyo anakana kugula khadi la chipani, anyamata a chipani n'kuyamba kumusaka. Bambo anadula siling'i n'kumubisa m'mwambamo milungu itatu, mwezi wa Okutobala, pansi pa malata, m'kutentha kwa kuno.

"Anandipempha kuti atsikeko, akangodzithira madzi," anatero bambo. " Ndine ndinamuikira makwerero. Anamugwira asanafike n'kunyanja komwe." Madzulo a tsiku lomwelo bambo anakanda simenti n'kutseka bowolo, kuti akabwera kudzasecha asapeze kanthu. Mng'ono wawo sanabwerere.

Ndinawamvera chisoni kwambiri, koma ndinapsanso mtima, sindinama. Womwalira simenti singamupweteke.

"Adada, mwana wangayu ndi wamoyo," ndinatero.

Bambo anaimirira. Anakwera okha pa makwerero, nabwezera kapu ija mmene inali, natseka bowo la fundi ndi katoni. Atatsika ananyamula chikwama changa ndi matewera a mwana kupita nazo kuchipinda kwawo, kenako anabwera ndi bulangete lawo n'kuliyala pa bedi langa, pansi pa chigamba chija.

Ndinawachonderera kangapo, ndinatumanso akulu a kutchalitchi, koma fundi sanapondenso pakhomo pathu. Ming'alu inkakulirakulira mvula iliyonse. Timiyala tija tsopano ndinkatisansa pa bulangete la bambo.

Mwana atayamba kuyenda, mnzanga wina anandipezera ntchito m'sitolo ku Dwangwa, yopatsa ndi nyumba yomwe. Ndinamuuza kuti apatse wina. M'mawa uliwonse, ndisanakoleze moto, ndinkaima pachitseko cha bambo n'kugogoda, ndipo sindinkachokapo mpaka nditawamva akukhosomola.