Musafufute dzinalo, funsani ine

Lachiwiri ndili pamsika ku Balaka, ndikupeta mpunga, foni ya malemu amuna anga inalira. Ndimayenda nayobe foniyo, chifukwa alimi a kwa Mposa amene amatigulitsa mpunga amadziwa nambala imeneyo.

Anali mayi wa mawu aulemu, akuimba kuchokera ku Lilongwe. Anafunsa a Saidi. Ndinamuuza kuti a Saidi anatisiya dzinja lapitali, ine ndine mkazi wawo.

Anapepesa ngati munthu woleredwa bwino. Kenako anati, "Ndiye tingochotsa dzinali pa mndandanda, mayi. Sitidzakuvutitsaninso."

Ndikuuzeni za mndandandawu. Pali bungwe lina, dzina lake lachingerezi silikhala m'mutu mwanga, limene limaimbira anthu a geni pakatha miyezi itatu iliyonse. Safunsa kuti mwapeza zingati. Amafunsa mmene mukuonera: kodi malonda akuyenda kuposa kale, ali chimodzimodzi, kapena aipa? Nanga kutsogoloku? Mayankho a anthu ambiri amawaphatikiza, kenako mumamva pa wailesi kuti amalonda ali ndi chiyembekezo, kapena ataya mtima. Akuti ngakhale a mabanki amatchera khutu.

Pa mzere wathu wa mpunga ankaimbira a Saidi okha. Kufufuta dzina lawo kunali kutseka pakamwa pa mzere wonse.

"Iyayi, musachotse," ndinatero. "Funsani ine."

"Pepani mayi, fomu yathu imafuna mwini wake wa bizinesi."

"Achemwali, zaka zonsezi mumaganiza kuti ankakuyankhani ndani?"

Ndiye ndinamufotokozera. Foni ikalira, a Saidi ankaitseka ndi dzanja n'kunong'ona, "Amake Patuma, tinene chiyani?" Iwo ankadziwa alimi, matumba ndi magalimoto. Pa beseni ndinkakhalapo ndine. Komanso, Mulungu awakhululukire, nthawi zonse ankafuna kuyankha kuti zaipa. Ankati, "Tikanena kuti zili bwino, thandizo likadzabwera adzatidumpha." Ine ndinkawayang'ana mpaka anene zoona.

Mayiyo anaseka pang'ono, nati akafunsa abwana ake, andiimbiranso. Sanalonjeze kanthu.

Masiku awiri ndinadikira, ndipo ndinali ndi nthawi yoganiza.

Sukulu ndinalekera Sitandade 4. Koma mtima wa msika ndimauwerenga, ndipo sindichita manyazi kunena. Zinthu zikavuta, mayi wodzagula amafunsa mtengo manja ali kumbuyo. Amapempha mpunga wosweka, nati ndi wa phala la mwana, tonse awiri tikudziwa kuti udyedwa ndi nyumba yonse. Sanenerera n'komwe. Akamva mtengo amati "ndibweranso", ndipo simumuonanso.

Zikayamba kupepuka, mayi yemweyo amapisa dzanja mu beseni, kununkhiza, n'kuyamba chipongwe: "Mpunga wanji uwu, mwausakaniza ndi mchenga wa ku Chilwa?" Mukamva chipongwe chotere sangalalani. Wonyoza katundu ndi amene wamanga kanthu pa nsonga ya chitenje.

Kodi zimenezi a pa foni angazione ali ku Lilongwe? Sangazione. N'chifukwa chake amatifunsa. Tsono ife timawapatsa chiyani?

Tili ndi matenda awiri. Oyamba ndi a ulemu. Munthu ali gone m'chipatala, mukamufunsa ati "ndili bwino, kaya inu". Achiwiri ndi a kope. Tikangoona mlendo wanyamula kope ndi cholembera, tonse timasauka nthawi yomweyo, ngakhale amene anagula njinga yamoto dzulo. Mnzanga wa pa benchi yoyandikana, a Nasibeko, anandiuza poyera: "Inu a Saidi aakazi, akakuimbirani mulire. Wamasiye salephera kulira." Ndinawafunsa kuti tonse tikalira, tsiku limene zidzaipedi adzatimva bwanji?

Nawonso ofufuzawo ali ndi awo matenda. Amalemba dzina la amene ali ndi foni. Pitani m'misika ya kuno, ku Ntaja, ku Liwonde, ku Ulongwe, muone amene wakhala padzuwa ndi ogula kuyambira m'mawa. Kenako muone mayina amene ali m'mabuku awo.

Lachinayi masana foni inalira. Anali mayi wa ku Lilongwe uja.

"Abwana avomera. Dzina lanu ndani, mayi?"

Chikwatiwire, palibe wa mu ofesi anandifunsapo funso limenelo asanafunse la amuna anga. Ndinaimirira, sindikudziwa chifukwa chake, n'kutchula dzina langa lonse, pang'onopang'ono, kuti asalakwitse.

Anayamba mafunso ake. Malonda poyerekeza ndi miyezi itatu yapitayo? Ndinati akuyenda kuposa kale. Anthu akolola, wosweka ukutsala, ndipo sabata ino yokha ndanyozedwa mokwanira. Nanga kutsogoloku? Ndinati ayendabe mpaka mvula itayandikira, pamenepo anthu adzayamba kusunga ndalama za feteleza ndipo manja adzabwerera kumbuyo.

Anazengereza. "Mayi, mukutsimikiza kuti tilembe kuti zili bwino? Ndi zimene zakuonekeranizi?"

Ankanena mwachifundo, ndipo sindinakwiye. Ndinati, "Achemwali, mwandifunsa za msika. Za mtima wanga simunafunse, ndipo pa fomu yanupo palibe malo okwana. Ine zanga sizili bwino. Msika uli bwino. Lembani za msika."

Analemba.

Ndinakhala pansi mutu uli m'mwamba. Mwezi wamawa wailesi ikadzanena mmene amalonda akuonera zinthu, mkati mwa mawu amenewo mudzakhala kachidutswa kanga, koona, kopetedwa bwino.

Nanga inu, tsiku limene adzakufunseni, mudzanena zimene maso anu aona, kapena zimene mukuganiza kuti zingakubweretsereni thumba la thandizo?