Ndinadikira liwombo la Asiyatu kuti litsekeke lokha

Inu owerenga, ine sukulu ndinailekera panjira koma kuwerenga sindinakuleke. Kwathu ku Makanjira ankanditcha Che Buku, chifukwa ngakhale pepala lokulungira usipa ndinkayamba ndaliwongola pabondo ndisanalitaye. Kuwerenga komweko, kutasakanikirana ndi matama, n'kumene kunawonongetsa maso a mwana wanga.

Zinachitika zaka zija tinkayenda ndi khadi la chipani m'thumba ngati chithumwa. Mkazi wanga, Abiti Saidi, anabereka mwana wathu woyamba, Asiyatu. Patapita miyezi ingapo mutu wa mwanayo unayamba kukula mosiya thupi m'mbuyo. Chipewa akachiluka mayi ake, posakhalitsa chamuthina. Liwombo linatukumuka n'kulimba, mitsempha n'kumaonekera pachipumi. Poti nanenso Mulungu sanaumire pondipatsa mutu, ndinkangoti watengera bambo ake, nkhokwe ya nzeru imeneyo.

Apongozi anga aakazi anabwera ndi mankhwala a liwombo, akuda bii, omata ngati phula, n'kumamupaka pamutu kuti patsekeke. Ine ndinkawaseka chamumtima. Ndinali ndi buku la zaumoyo limene ndinalipempha kwa mayi wina wogulitsa zitumbuwa pamsika wa Mangochi. Linalibe chikuto, ndipo masamba ambiri anali atapita kale ndi zitumbuwa. Pa otsalawo ndinawerenga kuti liwombo limatsekeka lokha mwana akamayandikira chaka ndi theka. Ndinagwira pomwepo osatayanso. Iwo ndi phula lawo, ine ndi buku langa, tonse tinkachita chinthu chimodzi: kudikira.

Tsiku lina kusikelo adokotala anamuyeza mutu ndi tepi, n'kubwerezanso. Anauza mkazi wanga kuti madzi akudzadza m'mutu mwa mwana, ndipo apite naye kuchipatala chachikulu ku Blantyre mvula isanagwe. Mkazi wangayo anafika pakhomo ali wefuwefu, mwana akadali kumbuyo.

“Bambo a Asiyatu, akuti tisachedwe. Lole ikunyamuka Lachisanu.”

Ndinayankha kuti adokotala akusikelowo anawerenga buku, inenso ndawerenga buku, tidikire.

“Lanulo lonunkha mafutalo?” anandifunsa. Ndinakwiya, lole n'kupita.

Kunena zoona, inu owerenga, si buku lokha linandigwira miyendo. Ndinali ndi mantha. Ndinamva kuti kumeneko amaboola mutu. Koma mwamuna wotchedwa Che Buku anene bwanji kuti akuopa? Ndinabisala kuseri kwa masamba. Ndikakhala pansi kusoka ukonde, singano inkandigwa m'manja. Ndinyamuke, ndikamugwire paliwombo, ndibwerere, ndinyamukenso. Bukulo ndinkalitsegula tsamba lomwelomwelo ngati mwina mawu awonjezereka.

Mvula inagwa, mitsinje n'kudula msewu. Apo m'pamene Asiyatu anayamba kusanza akangoyamwa, n'kumalira kulira kwina kobaya m'makutu. Maso anatembenukira pansi, choyera n'kumaonekera pamwamba. Kenako mayi ake anazindikira kuti akamusekerera, mwana sakubwezanso. Ankatembenukira mawu okha. Tsiku limenelo Abiti Saidi sanandifunsenso maganizo. Anamanga kachikwama, ine n'kumutsatira pambuyo ngati mbuzi yogulidwa. Tinakwera boti pa nyanja yolusa mpaka pomwe msewu unali wodutsika, kenako basi, akutiimitsaimitsa anyamata ofunsa makhadi, mwana akulira chilirire.

Kuchipatala dokotala anandilongosolera mofatsa. Anati m'mutu mwa munthu aliyense mumapangika madzi amene amakhala ndi njira yake yotulukira. Njirayo ikatsekeka, madzi amakankha ubongo. Anati mwa ena chimatseka njirayo ndi chotupa, ndipo akuluakulu amayamba ndi mutu wosamva mankhwala, kusanza m'mamawa ndi kuona mwachimbuuzi. Anawonjezera kuti akatswiri akufufuzabe njira zabwino zochizira, koma imene ilipo imathandiza munthu akafulumira. Asiyatu anamuika kapaipi kakang'ono pansi pa khungu, kochoka m'mutu, kudutsa kuseri kwa khutu mpaka m'mimba. Chinthu chimene ndinkachiopa miyezi yonse ija chinasiya kachipsera kosafika n'chala chomwe.

Mutu unasiya kukula, kusanza kunatha. Koma mitsempha ya maso inali itapanikizika nthawi yaitali. Ndinafunsa ngati Asiyatu akanaona tikanabwera ndi lole ija. Dokotalayo anati sangalumbire, koma pa matenda amenewa chimadya maso ndi kuchedwa. Mkazi wanga anamva, ndipo mpaka lero sanandikumbutsepo. Bola akanandilalatira.

Asiyatu ndi wamkulu tsopano. Amaluka mikeka yoposa ya anzake openya, ndipo pakamwa ndiye saperewera. Koma nkhope ya mayi ake anailekera kuiona ali wakhanda.

Ndiye ndikupempheni, inu owerenga. Mukaona mutu wa khanda ukukula mothamanga, liwombo litatukumuka, maso akuyang'ana pansi, musamate chilichonse, musadikire chilichonse. Werengani ndithu, koma kachidutswa kamene mwawerenga kasakutsekeni makutu pamene amene wayeza mwana wanu akulankhula. Ngati ndi mantha, nenani kuti ndi mantha, ena akulimbitseni mtima muli m'njira.

Masiku ano Asiyatu akafuna kudziwa ngati bambo ake akalamba, amandipapasa kumaso ndi zala, pang'onopang'ono, kuyambira pachipumi. Ine wolongolola uja ndimangoti zii mpaka amalize.