Nyali Yofiira ya ku Govanhill

Lero ku Govanhill ndadutsa pansi pa chikwangwani chakale cha magetsi ofiira, chikulira ngati udzudzu. Ndakumbuka chaka chomwe tinafika ku Glasgow, ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri.

Mayi ena a kutchalitchi ananong'oneza amayi anga kuti bambo akaweruka ku ofesi amalowa pakhomo la nyali yofiira.

"Kwathu nyali yofiira ndi ya pabala," anatero amayi akundikoka dzanja. "Tiye ukawaone wekha bambo akowo."

Anakankha chitseko mwaukali. Tinalandiridwa ndi fungo la mafuta ndi viniga. Bambo anali kuseri kwa kauntala, epuloni pamwamba pa tayi, akukazinga tchipisi.

"Mwabwera ndi mwana yemwe?" anafunsa chapansipansi, akubisa kumbuyo manja awo a matuza.