Anandiphimba Nkhope ndi Chifunga pa Nkhani za 7 Koloko

A kanema wa anthu a ku Afirika kuno ku Doha andifufuta pakamwa. Sindikuphiphiritsa. Ndikulemba pano chifukwa foni yawo sayankha, ndipo nthawi yanditsalira mpaka mawa Lachinayi, 12 koloko masana.

Ndine Halima, ndili m'kalasi yomaliza ku sekondale. Ndimakhala ku Fereej Bin Omran ndi amayi, omwe ndi namwino. Kusukulu kwathu kuli mpikisano wa atolankhani achinyamata, ndipo wopambana akaphunzira ntchitoyo kwa akatswiri nthawi ya holide. Malamulo ake ndi awiri: lipoti likhale loti linaulutsidwa pa kanema weniweni, ndipo mtolankhani azioneka nkhope.

Masabata atatu apitawo ndinapita kukapempha mwayi. Mkonzi wa nkhani ndi a Kalua, Mmalawi mnzathu, ndipo anandilandira bwino. Lipoti langa linali la amalume anga a Juma, omwe ndi gadi ku West Bay. Lachisanu akachoka ku mzikiti amasewera bawo ndi anzawo. Bolodi la bawo kuno sulingapezeke, ndiye anadula matireyi awiri a mazira n'kuwamata, ndipo m'malo mwa timiyala amaponya njere za zipatso za tende.

A Kalua anandibwereka munthu wa kamera ndi maikolofoni. Maikolofoniyo inali ndi chizindikiro chachikulu chofiira cha kanema wamkulu wakunja, amene iwo ankatengako nkhani ndi dzina. Anandiuza katatu kuti ndiziigwira pafupi ndi pakamwa, chizindikiro chiloze ku kamera. Ndinamvera. Ine akuluakulu ndimawamvera.

Anati lituluka Loweruka lapitali pa nkhani za 7 koloko.

Pofika 6:40 pabalaza pathu panali patadzaza. Amalume anasinthana shifiti ndi mnzawo, n'kubwera ndi magadi ena anayi atavala malaya osita. Amayi anakazinga mandasi. 7 koloko itakwana, kanema amene timamudziwa kuti ndi wofiira anatulukira ali wobiriwira. Dzina lina, nyimbo ina. Wowerenga nkhani yemwe uja, jekete yomwe ija. Nkhani yoyamba inali yoti asintha dzina. Yachiwiri inali yofotokoza tanthauzo la mtundu wobiriwira, ndipo inatenga mphindi zisanu ndi imodzi. Kenako zanyengo: anatiuza kuti mawa kutentha. Ku Doha. Nkhani zakunja panalibe, poti ankazitenga kwa kanema wamkulu uja, amene tsopano asiyana naye. M'malo mwake anationetsa maboti atangoima pamadzi mpaka 7:30.

Amalume anafunsa ngati mwina bawo ili m'boti limodzi mwa amenewo. Anzawo anatha mandasi n'kutsanzika mwaulemu, ngati anthu ochokera kozonda matenda.

Lamlungu ndinaimba foni kasanu ndi kawiri. Makina ankandilonjera m'dzina lakale, n'kudula.

Lolemba nditaweruka ndinakwera sitima ya metro kupita ku Al Nasr, komwe kuli ofesi yawo, pamwamba pa shopu ya mafoni. Ndinafika 2:35. Nditatchula dzina la kanema, mayi wa pa resepishoni anati kanema ameneyo kulibenso. Ndinafunsa kuti nanga pano ndi pati. Anati ndi pa kanema watsopano. Ndinafunsa ngati a Kalua amagwira ntchito pano. Anati eya. Ndinafunsa ngati mpando umene ndinakhalapo masabata atatu apitawo ndi womwewu. Anati eya, koma tsopano ndi wa kanema watsopano, ndikhalepo ndidikire.

Ndinadikira ola limodzi ndi mphindi 50. Homuweki ndinamalizira pomwepo. Patebulo lina azibambo awiri ankamata timapepala tobiriwira pa makapu a tiyi.

A Kalua atatuluka anati, "Aa, mwana wa asisita. Mwatiyendera?"

Anafotokoza kuti mgwirizano wawo ndi kanema wamkulu uja unatha kumayambiriro kwa mwezi uno, ndipo maloya analemba kuti chizindikiro chofiira chisadzaonekenso ngakhale kwa sekondi imodzi. Lipoti langa lili nacho kuyambira poyambira mpaka pothera. Ndinawakumbutsa mwaulemu kuti ndi iwo amene anandiuza kuti ndichilozetse ku kamera. Anavomera. Anati ndinagwira bwino kwambiri, kuposa atolankhani awo enieni, ndipo vuto lagona pomwepo.

Ndinafunsa ngati pondibwereka maikolofoniyo sankadziwa kuti mgwirizano ukutha. Anati ankadziwa, koma ankati inshallah mabwana amvananso. Ndinapempha kuti tijambulenso. Anati kamera yapita kokamatidwa dzina latsopano. Ngakhale ikanakhalapo, amalume sapumanso mpaka Lachisanu, mpikisano utatseka.

"Musadandaule, mwana wanga," anatero. "Pali njira ya pa kompyuta. Mawa lituluka."

Linatulukadi, Lachiwiri 7:19. Pamenepo ndiwayamikire. Njira yake inali yoika chifunga pa maikolofoni kuti chizindikiro chisaoneke. Koma maikolofoni inali pakamwa panga, monga anandilangizira. Chifungacho chinayambira pachibwano mpaka m'maso. Kumutu ndinali nditavala hijabu. Chinatsala ndi nsidze. Ndikaloza maikolofoni kwa amalume, chifunga chinkasamukira kwa iwo. Munthu wosadziwa akanaganiza kuti ndife mboni za mlandu woopsa, tikubisala chifukwa taulula zinsinsi za bawo. Dzina langa linalembedwa pa kachikwangwani kofiira m'munsi, ndiye anangokachotsa konse.

Matireyi a mazira anaoneka bwino kwambiri.

Amalume anatumiza uthenga wondilimbikitsa. Anati anzawo onse awazindikira poona manja.

Lero m'mawa ndinaonetsa lipotilo kwa aphunzitsi oyang'anira mpikisano. Anaonera kawiri. Anati mafunso anga ndi anzeru ndipo mawu akumveka kuti ndi anga, koma oweruza ndi anthu ochokera kunja kwa sukulu, sandidziwa, ndipo sangapereke mphoto kwa nsidze. Anati ndibweretse kalata ya ku kanema yotsimikiza kuti ndine, yokhala ndi chidindo.

3:10 ndinalinso ku Al Nasr. A Kalua anati kalatayo alemba ndi mtima wonse. Kungoti chidindo chakale ndi choletsedwa, ndipo chatsopano chibwera sabata yamawa. Mapepala onse a ofesi ali ndi chofiira chija pamwamba. Ndinapempha filimu yoyambirira yopanda chifunga, kuti aione oweruza atatu okha m'chipinda chotseka. Anati kumenekonso ndi kuulutsa. Kwa anthu atatu? Anati maloya sanatchule nambala.

Ndinatsika n'kuimbira aphunzitsi ndili pamasitepe. Anandimvera chisoni. Anati alandira ngakhale kalata yolemba pamanja, bola ikhale ndi siginecha ya mkonzi. Ndinathamanga kubwerera m'mwamba. Nthawi inali 3:40. Mayi wa pa resepishoni anati a Kalua angolowa kumene mu msonkhano wosankha nsalu yatsopano ya kumbuyo kwa wowerenga nkhani, ndipo satuluka lero. Khalas, zatha basi, ndibwere mawa.

Ndiye ndikufunsenikoni inu a kanema, poti nkhani ndi ntchito yanu. Ndani anaonera chifunga chija lipoti lisanatuluke, n'kunena kuti zili bwino? Munapeza nthawi yomata makapu a tiyi, koma osapeza mphindi imodzi yondiimbira Loweruka lisanafike? Ngati kanema wakale kulibenso, malonjezo ake anapita nawo kuti? Mipando munatsala nayo bwanji?

Sindikudana nanu. Ndikudziwa kuti kusiyidwa ndi kanema wamkulu si chinthu chophweka, ndipo nkhani zanu ndimaonerabe, ngakhale za maboti. Utolankhani ndikuufunabe. Mwina tsiku lina ndidzagwira kwa inu komweko, ndipo ndidzayankha foni.

Anzanga a m'masukulu ena amene mukufuna kukajambulitsa kumeneko, musanalandire maikolofoni funsani kaye ngati dzina lili pamenepo likhalapobe mwezi wamawa.

A Kalua, mawa ndijomba phunziro la masamu, koyamba chiyambireni sukulu. Amayi avomera. 8 koloko ndidzakhala nditaima pakhomo panu nditavala yunifolomu. Ndikufuna mizere iwiri yokha: kuti mtsikana ali kuseri kwa chifungacho ndi Halima, ndi siginecha yanu. Pepala loyera ndang'amba kale pakati pa kope langa. Ngati zolembera zanu zilinso ndi chizindikiro chofiira, ndibweretsa changa.