Amalume Akuti ndi mawu a adokotala

Pamzere wa nyumba zathu palibe amene amawatchula dzina amalume anga. Ndi a Akuti basi. Anaphunzitsa Chingerezi kusekondale mpaka dazi linatulukira, ndipo atapuma ntchito anakhoma kabolodi pabalaza, pafupi ndi chithunzi cha ukwati wawo, n'kumaphunzitsa ana olephera mayeso. Phunziro lawo lapamtima linali limodzi: mmene unganenere mawu amene wanena munthu wina.

Ine sukulu inandikana ndili kupulayimale, ndimatsuka magalimoto, koma phunziro limenelo ndimaliimba ngati nyimbo chifukwa bedi langa lili kuseri kwa bolodi lomwelo. Amaima chonchi, choko atapanira kukhutu:

"Ana inu, mawu ongotuluka mkamwa ndi khala lamoto. Simungapatsire mnzanu ndi dzanja. Yambani mwachotsa timichira tija totsekulira ndi kutsekera mawu. Ine asanduke iye. Lero lisanduke tsiku lija. Pano pasanduke paja. Zonse muzibweze m'mbuyo, zizizire, kenako mupereke."

Vuto ndi lakuti phunzirolo analowa nalo mpaka kuchipinda. Sanenapo kanthu kochokera kwa iwo eni. Ndiwo zikachepa mchere amati, "Akuti mchere wayamba kusowa m'masitolo?" Azakhali, akazi awo, amafunsa kuti, "Akuti ndani?" Iwo, "Anthu." Azakhali amati ngakhale powafunsira anangoti, "Pali munthu wina akuti mukumusowetsa tulo."

Ine ndiye zanga ndi zina. Amanditcha Chinkhwe. Ndikamva mawu kamodzi ndimawabweza onse ndi chifuwa chomwe, kaya ndi Chingerezi, kaya ndi galu wa aneba. Tanthauzo lokha musandifunse.

Mimba itayamba kuwavuta, amalume anaboola mabowo atsopano palamba. Kolala ya shati inayamba kulendewera ngati yobwereka. Azakhali atawaumiriza zopita kuchipatala, msuweni wanga, mwana wawo wamkazi amene sekondale anaimaliza bwinobwino, anavala nsapato kuti awaperekeze. Amalume anamuletsa.

"Akuti kumeneko kumafunika wamphamvu, woti n'kunyamula munthu. Chinkhwe, tiye."

Ndinatukumula chifuwa. Msuweni anandicheukira n'kunditulutsira lilime.

Kuchipatala anawajambula m'mimba, kenako anatilowetsa m'kachipinda kozizira, konunkha mankhwala. Adokotala anali mayi wamagalasi. Anayamba kulankhula chinenero chathu chomwechi, koma amalume anawayankha m'Chingerezi chija cha pabolodi. Adokotala anandiyang'ana ine, anayang'ana amalume, nawonso anasintha. Ankalankhula pang'onopang'ono, akugogoda ndi cholembera pakachigamba koyera pachithunzi. Kenako anavula magalasi. Amalume ankangoseka kaulemu. Ine mtima unali pa kamvekedwe ka mayiwo, ndikuti anyamata a kotsuka magalimoto mawa adzafa nako kuseka.

Titafika kunyumba azakhali anatichingamira pakhomo.

"Akuti ndi mpweya chabe," anatero amalume. "Akuti ndizimwa madzi ambiri, ndizipuma."

Madziwo anamwadi. Masabata anapita. Chakudya chawo chinayamba kuthera kwa mphaka pansi pa tebulo, mphakayo kunenepa ngati bwana. Anayamba kuphunzitsa atakhala pampando. Foni ikalira, amayang'ana nambala n'kuivundikira ndi buku mpaka itatopa yokha. Tsiku lina anandiveka jekete lawo lakuda lija la pamaukwati. "Akuti limafuna mapewa achinyamata." Ndinavina nalo pabalaza, koma palibe anaseka.

Loweruka lina masana azakhali ndi msuweni ankachapa kuseri kwa nyumba, amalume atagona. Ine ndinali kuwapangira mmene aneba amakalipira galu wawo. Azakhali anangoti, osadzutsa mutu pabeseni:

"Chinkhwe, tatipangire adokotala aja."

"Aaa, azakhali, amenewo ndi olipiritsa."

"Onse. Kuyambira pamene munakhala pansi. Usasiyeko ngakhale chifuwa."

Ndinatola chotokosera m'mano kukhala cholembera, khoma kukhala chithunzi. Ndinakweza mapewa, mawu kuwaonda. Msuweni anaphulika kuseka.

"Iwe mbuli iwe, Chingerezi chonsechi wachiba kuti?"

Anaseka mpaka pamene ndinayamba kugogoda pakhoma. Apo kuseka kunaduka ngati wathimitsa wailesi. Manja ake anaima m'thovu.

"Bwereza pamenepo."

Ndinabwereza, ndi kuvula magalasi komwe.

"Amayi," anatero msuweni, "ndi chotupa. Adokotala anati pakufunika opaleshoni msanga chisanafalikire. Anati abwerenso sabata yomweyo."

Azakhali anafinya shati ya amalume pang'onopang'ono, madzi onse mpaka kutha.

"Nanga bambo ako anayankha chiyani? Chinkhwe, apange."

Ndinasintha mawu kukhala a amalume, ndi kaseko kaulemu kaja. Msuweni anamvetsera atatseka maso.

"Anati akaganiza kaye. Anati akunyumba asauzidwe."

Kumbuyo kwanga kunamveka kutsokomola kwenikweni, osati kwanga. Amalume anali pakhomo la kukhitchini, atagwira felemu ndi manja onse awiri.

"Ndinasankha wosamva Chingerezi," anatero, "osadziwa kuti ndanyamula wailesi."

Azakhali anapukuta manja n'kuima patsogolo pawo.

"Bambo, lero za anthu ayi. Inuyo mukuti chiyani?"

"Akuti..."

"Ayi."

Mpopi unkangodontha m'beseni. Amalume anayang'ana pansi, anayang'ana mwana wawo, kenako anati:

"Ndikuopa. Ndikuopa kuti akandigoneka sindidzukanso."

Chibadwire ndinali ndisanawamve mawu amenewo. Ndi aang'ono, osasa, ngati chitseko chimene sichinatsegulidwepo. Ndimatha kupanga aliyense pamzere wathu, koma amenewo sindiwapanga, ngakhale mutandigulira galimoto.

Azakhali sanalire. Analowa m'nyumba, anatulutsa chikwama, anaikamo thawulo, sopo ndi masilipasi. Ulendo uno tinapita tonse anayi.

Anawajambulanso. Adokotala aja anayang'ana chithunzi chatsopanocho nthawi yaitali. Kachigamba kaja sikanalinso kachigamba, ngakhale ine wosaphunzira ndinaona. Anaitanitsa mipando yoti tonse tikhale, anavula magalasi, ndipo amalume atatsegula pakamwa kuti ayambe Chingerezi, azakhali anawagwira bondo.

"Mwachedwa, bambo," anatero adokotala m'chinenero chathu. "Koma tiyesa."

Amalume anatsala komweko, opaleshoni ndi mawa. Pabalaza bolodi likadali ndi zolemba zawo, palibe wafufuta. Azakhali akhala pampando wa amalume chibwerere kuchipatala, mphaka ali pamiyendo, ndipo pakapita kanthawi amandiitana.

"Chinkhwe, tabwereza paja akuti tiyesa."

Ndimabwereza momwe ananenera adokotala, osawonjezera, osaziziritsa. Iwo amatchera khutu, kufuna kumva chimene chili mkati mwake. Kenako amati, "Bwerezanso."