Kukaimba Pamene Panali Garaja ya Yona

Ndinanyamuka ku Machinjiri Loweruka lina la Okutobala dzuwa litayamba kale kuwotcha. M'manja ndinali ndi ndodo zanga ndi sineya, kang'oma kamene kamakhala pakati pa miyendo ya woimba ng'oma za bandi. Ine ndimaimba kutchalitchi ndi m'maukwati, koma tsikulo ndinkakathandiza bandi ya Dzimbiri, imene inataya woimba ng'oma wake, Yona, pa namondwe wa Freddy ku Chilobwe. Mtembo wake sunapezeke.

Dzimbiri ndinaionapo kamodzi ku Ndirande Yona ali moyo. Nyimbo zawo zambiri zilibe mawu. Gitala ya Tadala, mtsogoleri wawo, imalira ngati akuimbira m'thanki ya madzi, ndipo gitala ya besi ya Gift imakugwedeza m'mimba. Iwo amati ndi surf, nyimbo za anthu osewera pa mafunde a nyanja yamchere, ngakhale mwa atatuwo panalibe amene anaionapo nyanjayo. Tadala atandiimbira foni ndinafunsa kuti tikaimbira muholo iti.

"Si muholo, achimwene," anatero. "Ndi pamene panali garaja ya Yona, imene tinkaphunziriramo nyimbo. Atipempha ndi mayi ake a Yona."

Mu minibasi yopita m'tauni kondakitala anayang'ana sineya yanga n'kunena kuti nayonso ilipire mpando. Ndinaiika pamiyendo n'kumuuza kuti ndi mwana wanga, sanakwane zaka zolipira. Anthu anaseka, iye n'kungolandira K1,500 yanga. Pasiteji ya Mibawa ndinadya chipisi cha pachiwaya chothira tsabola wambiri, kenako ndinakwera ya ku Chilobwe cha m'ma 11 koloko.

Titadutsa Zingwangwa, mayi wina amene anakhala pambali panga ndi dengu la tomato anandifunsa ngati kuli ukwati. Nditamuuza kumene ndikupita, anasuntha dengu lake kuti lisakhudze ng'oma.

"Kumtunda kuja saimbako," anatero. "Ngakhale wailesi anthu amatsitsa."



Pamsika wa Chilobwe moyo unali wamasiku onse: makala, kaunjika, nyama ya mbuzi ikupsa. Ndinakwera kabaza wa njinga yamoto, bambo wolankhula kwambiri amene anandifotokozera za mpira njira yonse. Tinafika pamene msewu unadukira m'chigwembe chachikulu, ndipo anazimitsa injini.

"Ine ndimathera pano, bwana. Tsatirani miyalayo."

Ndinakwera wapansi. Miyala yake ndi yaikulu ngati nyumba, yotuwa, yongokhala pamene inaimira tsiku limene phiri linagumuka. Pakati pake ndinaona masitepe atatu a simenti okwera kupita pakhonde limene kulibe. Pena panali mpopi wopindika, pena nsapato ya mwana itakwiririka theka. Phokoso la msika linatsalira kumunsi, ndipo ndinayamba kumva mapazi anga okha. Phiri la Soche linali patsogolo panga ndi chipsera chake chofiira kuyambira pamwamba.

Tadala ndi Gift ndinawapeza atayala kale zida pa simenti yapansi ya garaja. Makoma kunalibe, koma madontho a oyilo anali kuonekabe. Jenereta anaiika kuseri kwa mwala. Anthu anabwera ambiri ndithu, koma anaima patali, m'mphepete mwa chigwembe, manja atapinda. Mayi ake a Yona okha ndi amene anakhala pafupi, pampando wapulasitiki, atafulatira phiri. Ndinagwada kuwapatsa moni.

"Ndinu mwabwera kudzakhala pampando wa mwana wanga?" anandifunsa.

"Kwa lero lokha, mayi."

"Muziimba mokweza. Ali penapake pansi apa, koma sindidziwa kuti ndi pati. Kwathu ku Phalombe akhala akundiitana, ine ndimakana. Ndingamusiye bwanji osamutsanzika?"

Tisanayambe, bambo wina wachikulire anabwera kwa Tadala. Anati mkazi wake sagona akamva galimoto yolemera ikudutsa, ndiye ife tikufuna kuutsa zotani? Tadala anayang'ana mayi ake a Yona. Iwo sanatembenuke. Bamboyo anapukusa mutu n'kubwerera kumene anaima.

Tinayamba dzuwa lili paliwombo. Nyimbo yoyamba inali yothamanga, yaphokoso lokhakhala ngati malata, ndipo ana ena anayamba kudumphadumpha. Yachiwiri gitala ya Tadala inkapita kukagunda phiri n'kubwerera mochedwa, moti zinkamveka ngati kumtunda kuli bandi ina imene ikutiyankha. Ndinaona Gift akuyang'ana kumeneko kawirikawiri.

Yachitatu inali imene Yona anapeka. Pakati pake gitala imakhala chete, besi ndi ng'oma zazikulu n'kumagunda pansipansi, kumakulirakulira. Ndinaimba monga anandiphunzitsira Tadala. Mkokomo uja unadzaza chigwembe chonse. Kenako mayi wina anakuwa.

"Madzi! Madzi akubwera!"

Anthu anabalalika. Ena anagwa, ena ananyamula ana n'kuthamangira kumbali, osati kumunsi, monga anthu amene anaphunzira kale kothawira. Kumwamba kunalibe ngakhale kamtambo. Gift anathamanga kukazimitsa jenereta, ndipo kunagwa bata.

M'bata limenelo sineya yanga inayamba kulira yokha. Pansi pa sineya pamakhala timawaya, ndipo timanjenjemera ngati pafupi padutsa lole kapena wina wagunda ng'oma ina. Apa panalibe lole, ndodo zinali m'manja mwanga, jenereta inali itazima. Timawaya tija tinalira, n'kusiya, n'kuliranso, motsatira ndendende kugunda kwa nyimbo imene tinaidukiza. Ndinaika chikhato pachikopa kuti isiye. Kunjenjemerako ndinakumva kukuchokera m'simenti, kudzera m'zidendene zanga.

Tadala anamva. Anandiyang'ana. Ine ndinkafuna kunyamula sineya yanga n'kutsika phiri osatsanzika munthu.

"Bwanji mwasiya?" anafunsa mayi ake a Yona. "Malizani. Sakonda kusiyira nyimbo panjira."

Gift analizanso jenereta. Nyimbo ija tinaiyambira pomwe tinasiyira, ndipo sindinaimbepo mosamala chotero moyo wanga wonse. Anthu ena anabwerera pang'onopang'ono. Bambo wachikulire uja anavula chipewa. Titamaliza palibe anaomba m'manja. Mayi ake a Yona anaimirira, anatembenuka kuyang'ana phiri kwa nthawi yaitali, kenako ananyamula mpando wawo okha.

"Basi," anatero. "Lolemba ndikwera ya ku Phalombe."

Ndinatsika dzuwa likadali pamwamba. Mu minibasi yobwerera kondakitala sanandivutitse, ndipo ine sindinachite nthabwala ndi munthu. Mnzanga wina amene anaphunzira za miyala anandiuza pambuyo pake kuti nthaka yogumuka imatenga zaka isanakhazikike, ndiye mwina phokoso lathu linaigwedeza. Mwina ndi zoona. Ine ndaimbira akwati ndi makwaya zaka zambiri, ndipo nthawi zonse ndinkadziwa amene akundimvera chifukwa ndinkawaona. Ku Chilobwe ndinaimbira munthu amene sindinkamuona, ndipo mayi ake anapita kwawo.